Mbiri ya mankhwala oonetsa za m'mimba, ndi kuchepa kwa muyeso wake

Pamene Wilhelm Röntgen anatulukira cheza chake mu mzinda wa Würzburg m'chaka cha 1895, madokotala anakondwera poona mafupa a munthu wamoyo. Koma m'mimba munali mudakali mdima, pakuti chiwindi, impso ndi matumbo zinkaoneka ngati nkhungu imodzi, motero kunafunika mankhwala akuti wodwala amwe kapena abayidwe mumtsempha, kuti chiwalo chilichonse chioneke pachokha. Barium womwetsa anafala cha mu 1910, ndipo mu 1929, ku Berlin, Moses Swick anaonetsa impso ndi mankhwala a ayodini obaya.

M'masiku amenewo mtima wa akatswiri unali pa kuwala kwa chithunzi basi, ndipo tsoka silinunkha. Thorotrast, amene ankapereka zithunzi zokongola koposa ndiponso sankavutitsa wodwala pa tsiku lobayidwa, anali ndi thorium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa; ameneyu ankakhazikika m'chiwindi ndi m'kapamba moyo wonse wa munthu, kufikira kuti patapita zaka makumi awiri kapena atatu, ambiri anagwidwa khansa ya m'chiwindi, dokotala amene anawabaya ataiwala kale nkhope zawo. Madokotala anasiya Thorotrast m'zaka za m'ma 1950.

Kuyambira pamenepo funso la zimene zitsalira m'thupi silinagonenso. Torsten Almén wa ku Sweden analongosola mu 1969 njira yopangira mankhwala a ayodini osawawa m'mitsempha. Koma makina a CT atayamba kujambula pamimba m'zaka za m'ma 1970, obayidwa anachuluka zedi, ndipo nkhawa inatembenukira ku impso za okalamba ndi odwala shuga. Ngakhale gadolinium wa makina a MRI, amene anafika mu 1988 ali ndi mbiri ya kufatsa, anapezeka mu 2006 kuti amaumitsa khungu la ena odwala impso kwambiri.

Nzeru yochepetsera muyeso wa mankhwala inachokera kwa amisiri a makina. Ayodini amawala kwambiri pamene mphamvu ya cheza yatsitsidwa, kotero kuti wojambula akatsika kuchoka pa 120 kV kufika pa 80 kapena 100, makamaka kwa munthu wochepa thupi, mankhwala ochepa amakwanira. Ndipo muyeso umatsata kulemera kwa wodwala, kusiya chizolowezi chakale chopatsa aliyense botolo lathunthu. Komabe, kunena zoona, chimene chinafulumiza zipatala zambiri ndi kusowa: mu 2022 fakitale ya GE Healthcare ku Shanghai itatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, madokotala a ku America ndi maiko ena anayamba kugawa botolo limodzi kwa odwala angapo, kujambula ena popanda mankhwala, ndi kutumiza ena ku MRI. M'chaka chomwecho boma la America linavomereza gadopiclenol, mankhwala a MRI amene amabayidwa pa theka la muyeso wa gadolinium wa masiku onse.