James Page, Wozima Moto Amene Anatengera Cipatala ku Mseu

Kale ku dziko la Amereka munthu akagundidwa ndi galimoto, kawirikawiri wodzamnyamula anali munthu wa nchito yoika maliro, popeza galimoto lace ndilo linali lalitali lokwanira kugonekamo munthu. Akatswiri amene anafufuza nkhaniyi m'caka ca 1966 anapeza kuti pafupifupi theka la nchito ya ambulansi m'dzikomo inali m'manja mwa anthu otere. Luso lao linali liwiro basi. Wobvulala anali kugona yekha kumbuyo, mwazi uli cucucu, ndipo ambiri anatsirizika asanaone khomo la cipatala.

Caka comweco, ku Belfast, dotolo wa mtima dzina lace Frank Pantridge anayamba kutumiza galimoto lokhala ndi makina obwezera mtima m'cimace ndi mphamvu ya magetsi, kuti cithandizo cikapeze wodwala pomwe wagwera. Madotolo a ku Los Angeles anatengera nzeruyi, koma anafunsa kuti, tidzatuma yani? Dotolo sangacoke m'cipatala nthawi zonse. Maso ao anagwa pa ozima moto, anthu ogonera pa nchito, ozolowera kudzuka pakati pa usiku belu likalira. Mu 1969 oyamba analowa maphunziro pa cipatala ca Harbor General, ndipo mu 1970 Bwanamkubwa Ronald Reagan anasaina lamulo lowalola kubaya jekeseni ndi kupereka mankhwala, dotolo akuwauza zocita pa wailesi.

Apa ndipo palowa James Page. Iye anabadwa mu 1936, nayamba nchito yozima moto ku Monterey Park ali mnyamata, nasamukira ku gulu lalikuru la Los Angeles County, kumene anakwera kufikira anakhala woyang'anira magulu angapo. Anaphunziranso malamulo ali pa nchito yomweyo, nakhala loya. Mu 1971 akuru ace anampatsa udindo wolongosola nchito yatsopanoyi m'cigawo conse. Mu 1972 sewero lochedwa Emergency! linayamba kuoneka pa wailesi ya kanema, ndipo Page anali mmodzi wa olangiza alembi ace. Sewero ndi sewero, inde. Koma anthu a m'mizinda yakutali ataona ozima moto awiri akudzutsa munthu wokomoka, anayamba kufunsa mabwana ao cifukwa cace kwao kunalibe zotere.

Coyesa cacikuru cinamdzera ku North Carolina, kumene anapita mu 1973 kukatsogolera nchito ya ambulansi ya boma. Kumeneko anapeza amuna odzipereka, otumikira midzi yao zaka zambiri osalandira kanthu, koma ena mwa iwo osadziwa kuwerenga. Andale anafuna kuti amenewa aziyesedwa mayeso pakamwa. Page anakana. Mlanduwu sunali wapafupi, pakuti kucotsa munthu amene wanyamula odwala usiku ndi usana kwa zaka zambiri nkowawa, ndipo kumudzi wolowa m'malo mwace sapezeka msanga. Komabe ine ndiyesa kuti Page analondola: wosatha kuwerenga dzina lolembedwa pa botolo la mankhwala angathe kupha munthu ndi mtima wabwino womwewo. Anamcotsa nchito.

Sanafooke. Anayendayenda m'dziko lonse kulimbikitsa mizinda kuti iphunzitse anthu ace, nayambitsa magazini ya anchito a ambulansi yochedwa JEMS, m'mene anali kudzudzula ulesi mosaopa nkhope. Ndipo cimene cinadabwitsa anzace nciti? Atachuka cotero, anabwereranso ku moto, navala cisoti cace cakale, ndipo pomariza anakhala mkuru wa ozima moto ku Monterey Park komwe anayambira.

Anamwalira pa 4 September 2004 ku Carlsbad, m'dziko la California, ali ndi zaka 68. Mtima wace unaima akusambira.