Giredi 7 Kawiri: Ana a M'mapulazi ndi Thumba la Boma

Ku Malawi kubwereza Sitandade 8 si nkhani yachilendo: malo ku sekondale ndi ochepa, choncho mwana amalembanso mayeso mpaka dzina lake litatuluka. Ife zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzalima fodya m'minda ya azungu, imene kuno ku Zimbabwe timati mapulazi, ku Mazowe, Mvurwi ndi Karoi, tili ndi mbiri yofanana, koma gwero lake ndi lina.

Mu 1966 boma la Ian Smith lidakonza zoti mwa ana achikuda omaliza pulayimale, mmodzi yekha mwa 8 alionse ndiye apite ku sekondale ya maphunziro a m'mabuku. Mwana wa pa pulazi sankafika n'komwe pa mpikisanowo. Sukulu inkamangidwa mwini pulazi akafuna, ndipo zambiri zinkalekezera m'makalasi oyambirira.

Ufulu utabwera mu 1980, boma la Robert Mugabe lidathetsa fizi ku pulayimale. Ana adachuluka kuchoka pa 800,000 kufika poposa 2 miliyoni m'zaka zochepa. Lidalamulanso kuti womaliza Giredi 7 azipita Fomu 1, kaya wakhoza kaya ayi. Pa pepala, mwana wobwereza adatha, ndipo munthu amene kulibe samuikira ndalama.

Koma pulazi ndi malo a mwini. Boma linkalipira aphunzitsi ndi kupereka ndalama pa mwana aliyense kusukulu zolembetsedwa zokha, pamene sukulu zambiri za m'mapulazi zidali zosalembetsedwa, ndipo mayeso sankalembedwerako. Sekondale idali kutali. Polembetsa mayeso ankafuna setifiketi ya kubadwa, imene makolo opanda chitupa sakadatha kumutengera mwana. Ana ena amene ndidakula nawo mu komboni adakhala mu Giredi 7 zaka ziwiri, osati chifukwa cholephera, koma podikira pepala. Makolo akatopa kulipira, mwana ankalowa m'munda.

Kulandidwa kwa mapulazi kuyambira mu 2000 kudachotsa mabanja ambiri pa ntchito, ndipo sukulu zatsopano zidatsegulidwa m'zigafa za fodya. Mu 2001 boma lidayambitsa BEAM, thumba lolipirira fizi ana osauka. Chaka chomwecho lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo ambiri obadwira konkuno adasanduka alendo. Dzanja lina linkapereka, lina likutseka chitseko.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adakonzako zina. Gawo 43 lidabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC, ndipo gawo 75 limalonjeza maphunziro oyambirira olipiridwa ndi boma. Komabe ndikamva anthu akutsutsana ngati boma liyenera kulipirira mwana wobwereza, ndimafuna ayambe afunsa kuti adamubwerezetsa ndani.