Ubatizo womwe sunafafanize mlandu

Msewu wa malole a kopa wochokera ku Ndola ndi ku Kitwe umadutsa pa Kasumbalesa n'kukafika ku Lubumbashi, kumene kuli sunagoge womangidwa cha m'ma 1930. Ambiri mwa Ayuda amene ankapempheramo anachokera pachilumba cha Rhodes, koma pakhomo ankalankhula Chisipanishi chamakedzana chomwe makolo awo anatuluka nacho ku Spain mu 1492, pamene mfumu Ferdinand ndi mfumukazi Isabella analamula kuti Myuda aliyense abatizidwe kapena asamuke. Osamukawo anasiya nyumba ndi manda a makolo, koma amene anaona zakuda kwa nthawi yaitali ndi otsala aja. Bwalo la tchalitchi lotchedwa Inquisition linkazenga milandu ya chikhulupiriro ya anthu obatizidwa, choncho madzi omwe anayenera kuwapulumutsa ndiwo anawapereka m'manja mwa oweruza. Kusadya nkhumba, kapena kuyatsa kandulo Lachisanu madzulo, kunali kokwanira kuti mnansi akakunenere. Ku Portugal, mfumu Manuel inabatiza Ayuda mokakamiza mu 1497, dzina loti "Akhristu atsopano" n'kumamatira mpaka kwa zidzukulu, ndipo mu 1506 gulu lolusa linawapha oposa 1,000 ku Lisbon. Nthambi ya bwaloli ya ku Goa, yokhazikitsidwa mu 1560, ulamuliro wake unkafika ngakhale ku Mozambique.

Ena amati madzi akatayika saoleka, nanga zaka 500 n'zochepa? Koma chilonda chake sichinathere pa omwe anabatizidwawo. Pachilumba cha Mallorca, mabanja a mayina 15 otchedwa Chueta, Akatolika enieni opita ku Misa, ankasalidwa pa ukwati mpaka m'zaka za m'ma 1900, ndipo akuluakulu a boma kumeneko anachita mwambo wokumbukira anthu 37 ophedwa mu 1691 m'chaka cha 2011. Ku Belmonte, ku Portugal, katswiri wa migodi Samuel Schwarz anapeza mu 1917 mabanja akupempherabe mwachiyuda mobisa, amayi ndiwo akusunga mapempherowo pamtima.

Enanso amati mlandu unatha mu 2015, pamene Spain ndi Portugal anatsegula unzika kwa zidzukulu za othamangitsidwa. Chipepeso chake chinali cha mapepala: Spain inafuna umboni wa mtundu ndi mayeso, n'kutseka khomo mu October 2019. Ndipo pafupifupi Ayuda onse a ku Rhodes amene sanakwere sitima n'kuchoka pachilumbapo anali atatengedwa kale kupita ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz mu July 1944.