Osenza sukulu opanda mpando ku Entre Lagos

Entre Lagos ndi tauni ya m'malire ku Mozambique, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, moyang'anana ndi Nayuchi wa ku Malawi. Njanji ya ku Nacala idalumikizidwa ndi ya ku Malawi pamenepa mu 1970. Mbiri ya sukulu za dera lino la Mecanhelas ikusonyeza kuti ntchito yaikulu yakhala ikugwiridwa ndi anthu amene malamulo sadawapatse mpando. Atsamunda a Chipwitikizi atagwirizana ndi Vatican mu 1940, maphunziro a mwana wakuda adaperekedwa m'manja mwa mishoni za Chikatolika. Kholo silinkafunsidwa kanthu, koma mitengo, udzu ndi manja omangira kalasi zinkachokera kumudzi. Pa 24 Julaye 1975 boma la Samora Machel lidatenga sukulu zonse, ndipo mafumu adakankhidwira kumbali powaganizira kuti adali zida za atsamunda. M'malo mwawo mudalowa magulu a chipani cholamula cha Frelimo otchedwa Grupos Dinamizadores ndi makomiti a makolo. Kenaka nkhondo ya pachiweniweni idatseka sukulu zambiri za kumidzi, mabanja n'kuthawira ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, obwerera kwawo adaimika makalasi a mitengo ndi matope boma lisadafike ndi simenti, ndipo m'midzi yambiri wokhoza kumema anthu kuti agwire ntchitoyo adali mfumu yemwe uja adakanidwa.

Boma lidavomereza zimenezi mochedwa. Lamulo la Decreto 15/2000 lidazindikiranso atsogoleri a kumudzi, ndipo mu 2003 padakhazikitsidwa Conselho de Escola, bwalo loyendetsa sukulu, momwe mumakhala mkulu wa sukulu, aphunzitsi, makolo, ophunzira ndi oimira mudzi. Chaka chomwecho ndalama za Apoio Directo às Escolas zidayamba kufika pasukulu penipeni. Buku lotsogolera mabwalowa la 2015 lidagawa ntchito m'makomiti atatu: ya chuma ndi katundu, ya umoyo wa ana ndi mudzi, ndi ya kaphunzitsidwe. Apa ndi pamene funso la osasankhidwa limakula. Komiti ya umoyo wa ana ingathe kukambirana tsiku lonse za atsikana osiya sukulu, koma amene amadziwa tsiku limene chinamwali chiyambe ndi nankungwi, ndipo wa anyamata ndi ngaliba. Mnyamata amene wasowa m'kalasi nyengo ya matemba amadziwika ndi mkulu wa asodzi padoko, yemwe amamuona akukoka khoka kapena akugona m'zimbowera pakati pa mabango. Komiti ya chuma imatha kuwerenga malisiti, koma mmisiri womanga ndi amene angayang'ane khoma n'kunena kuti matumba a simenti olembedwawo sadalowemo onse. Anthu amenewa ayenera kuitanidwa m'makomiti mwadongosolo, mayina awo n'kulembedwa m'buku la misonkhano, m'malo mongowakumbukira zinthu zikavuta.

Otsutsa ali ndi mfundo zolemera. Amati munthu wosasankhidwa sayankha kwa aliyense, ndipo mfumu ikakhala pamsonkhano kholo wamba limangowomba m'manja. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake mlendo wotere ayenera kukhala ndi mawu koma osati voti, makamaka pa ndalama, ndipo asasainire kanthu. Amatinso bwalo lili kale ndi mipando ya oimira mudzi. Ilipo, koma ndi yochepa, ndipo popeza mapepala a boma amalembedwa m'Chipwitikizi, masankho amakondera odziwa chilankhulocho, pamene mayi amene amadziwa khomo lililonse amalankhula Chinyanja, Chilomwe kapena Chiyao. Mfundo yovuta kwambiri ndi ya anankungwi: bwanji kuitana anthu amene ena amawanena kuti malangizo awo amathamangitsira atsikana kubanja? Yankho lili m'zaka zoyamba za ufulu. Frelimo idalimbana ndi miyambo imeneyi poyera, koma chinamwali sichidathe, chidangochoka pamaso pa boma. Lamulo la 2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18 lidzagwira ntchito ku Mecanhelas ngati amene amalankhula ndi namwali m'tsimba amva zimene lamulolo likunena, ndipo komiti ya sukulu ndi malo amodzi mwa ochepa kumene nankungwi, shehe, mkulu wa mpingo ndi mphunzitsi angagwirizane kuti chinamwali chichitike patchuthi, ndi kuti mwana akatuluka abwerere m'kalasi. Tsidya lina la malire, ku Malawi, magulu a amayi otchedwa mother group sali mu komiti yoyendetsa sukulu, komabe ndi amene amagogoda pakhomo la mtsikana amene wabereka kuti akalembetsenso sukulu.