Aphunzitsi a m'Midzi ndi Cinyanja ca Cipembedzo Kum'mawa kwa Zambia

Olemba mbiri ya Cinyanja colembedwa amakonda kuchula amishoni amene anamasulira mabuku, monga W.H. Murray amene anatsogolera nchito ya Buku Lopatulika la mu 1922. Colinga ca nkhani ino ndi kuonetsa kuti mabukuwo akanangokhala pa mishoni pakanapanda atsogoleri osadzozedwa, amene anaphunzitsidwa kuwawerenga pamaso pa mpingo.

Amishoni a Dutch Reformed ocokera ku Orange Free State anakhazikitsa Magwero mu 1899, patapita caka cimodzi Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa. Kenaka anatsegula Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905. Popeza iwo anali owerengeka ndipo midzi inali yotalikirana, Sabata zambiri zinkadutsa mbusa osaoneka. Mbusa woyamba wa m'dziko muno mu mpingowu, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Motero kwa zaka 30 cipembedzo ca m'midzi cinatsamira pa aphunzitsi, alaliki ndi akulu a mpingo.

Mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi ndiye analinso mtsogoleri wa mapemphero. Maphunziro ake, amene m'kupita kwa nthawi anakhazikika ku Madzimoyo, anali okhudza kuwerenga Malembo momveka, kutsogolera nyimbo, kuphunzitsa katekisima kwa a m'kalasi, ndi kukonza ulaliki Sabata lisanafike. Ubatizo ndi Mgonero zokha ndizo zinkadikira mbusa. Zonsezi zinkacitika m'Cinyanja ca m'mabuku ocokera ku Nyasaland. Mwa njira imeneyi Ansenga, ndi Angoni amene anali atatengera Cinsenga, anazolowera kupemphera m'cilankhulo cosiyana ndi ca pakhomo pao. Mau monga cisomo, cipulumutso ndi kulapa analandira matanthauzo a Cikhristu pakamwa pa anthu amenewa, cifukwa ndiwo ankawamasulira kwa omvera mlungu ndi mlungu.

Akatolika, amene anayamba nchito ku Kachebere mu 1903, anadaliranso akatekisiti. Koma Misa inali m'Cilatini kufikira pamene Msonkhano Waciwiri wa Vatican unaloleza zilankhulo za anthu mu 1963. Pamene maepiskopi a AMECEA anagwirizana mu 1973 ndi 1976 kuti Mpingo umangike pa timagulu ting'onoting'ono ta Akhristu, kusula anthu wamba otsogolera mapemphero a Sabata popanda wansembe kunakhala nchito yaikulu ya maparishi.

Tsono funso limene latsalira ife aphunzitsi a zilankhulo ndi ili: kodi tingafotokoze bwanji kufala kwa Cinyanja popanda umboni wa anthu amenewa? Zolemba za amishoni zinasungidwa, koma maulaliki a m'midzi ambiri sanalembedwe. Okalamba amene anawamva akutha, ndipo tikazengereza kuwafunsa, gawo limeneli la mbiri ya cilankhulo cathu lidzapita nao kumanda.