Kupeza Mfundo Yaikulu Powerenga Nkhani ya Chingerezi

Wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE kuchokera ku bungwe la MANEB, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena. Luso lina lofunika pamayesowa ndi lopeza mfundo yaikulu ya nkhani imene wawerenga.

Mfundo yaikulu ndi uthenga umene wolemba akupereka pa mutu wa nkhaniyo. Mwachitsanzo, mutu ungakhale kudula mitengo, pamene mfundo yaikulu ndi yakuti mchitidwewu umachititsa nthaka kukokoloka.

Kawirikawiri mfundoyi imapezeka m'chiganizo choyamba kapena chomaliza cha ndime, ndipo zitsanzo ndi ziwerengero zimangoichirikiza. Mawu oti "however" amachenjeza kuti ganizo likusintha, choncho zimene zikutsatira n'zofunika kuziganizira mozama. Wophunzira akalephera kufotokoza mfundoyi m'chiganizo chimodzi cha mawu akeake, ayenera kuwerenganso.