Liverpool, 1847: Chaka Chomwe Khonsolo Inalowa M'nyumba za Anthu

Mliri wa kolera utafika ku Liverpool m'chaka cha 1832, anthu sanathamangire kuchipatala. Anathamangira kukagenda madokotala. Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka masiku oyambirira a Juni, makamu a anthu ankaunjikana pa zipatala zongoyembekezera, kutsekereza ngolo zonyamula odwala, n'kumakuwiza aliyense wooneka ngati wachipatala. Mantha awo anali ndi poyambira. Zaka zinayi m'mbuyomo, ku Edinburgh, William Burke ndi William Hare anali atapha anthu 16 n'kugulitsa mitembo yawo kwa mphunzitsi wa udokotala, ndipo amphawi a ku Liverpool ankakhulupirira kuti wodwala akangotengedwa, mathero ake ndi pa tebulo long'ambirapo mitembo. Zipolowezo zinazizira ansembe a Katolika atadandaulira anthu m'matchalitchi. Mliri wokha sunamve ulaliki: unapha anthu oposa 1,500 chaka chimenecho.

Mzinda womwe unkachitika izi sunali wosauka ayi. Doko la Liverpool linalemera ndi malonda a akapolo mpaka 1807, kenako ndi thonje lochokera ku America lopita ku mafakitale a ku Manchester. Ntchito ya padoko inkakoka anthu, moti mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 80,000 mu 1801 unali utapitirira 280,000 pofika 1841. Eni malo anapeza njira yowapanikizira onsewo. Ankamanga nyumba zogundana misana kuzungulira kabwalo kopapatiza, kolowera pamodzi pokha, ndipo mabanja onse a pabwalopo ankalimbirana chimbudzi chimodzi kapena ziwiri. Amene analibe ndalama ya lendi ya chipinda chapamwamba ankatsikira ku zipinda za pansi pa nthaka, zopanda zenera, zomwe pansi pake pankadikha madzi oipa mvula ikagwa. M'chigawo chapakati cha mzindawo chokha, anthu oposa 20,000 ankagona m'mauna oterewa.

Lipoti la Edwin Chadwick la mu 1842 linaika zimenezi m'manambala. Powerengetsa zaka za anthu omwalira ku Liverpool, a m'mabanja olemera ankafika zaka 35, a m'mabanja a amalonda 22, ndipo a m'mabanja a aganyu 15. Sikuti mnyamata aliyense wa padoko ankafa ali ndi zaka 15. Nambalayo inatsika chonchi chifukwa cha maliro a makanda, omwe ankachuluka koopsa.

Khonsolo inalipo, koma kwa nthawi yaitali inali kagulu ka amalonda olemera osankhana okhaokha. Lamulo la mu 1835 ndilo linabweretsa makhansala ovoteredwa ndi okhoma misonkho, ndipo linalamula khonsolo iliyonse kuti ikhale ndi komiti yoyang'anira chitetezo. Mu 1836 komiti ya ku Liverpool inakhazikitsa gulu la apolisi la mzindawo, mkulu wake woyamba ali Michael James Whitty, mtolankhani wochokera ku Ireland amene pambuyo pake anayambitsa nyuzipepala ya Daily Post. Apolisi omwewo ndiwo ankazimitsanso moto. Ndondomeko ya zinthu ikuonetsa chomwe chinali pamtima pa makhansala: mosungira thonje munapeza alonda zaka khumi ana a m'mabwalo aja asanapeze dokotala wa khonsolo.

Pa nkhani ya ukhondo, amene anayamba sanali khansala. Anali mayi wochapa zovala, Kitty Wilkinson, wobadwira ku Ireland mu 1786. Pa mliri wa 1832, nyumba yake ndi yokhayo mumsewu wawo imene inali ndi chiphika chachikulu chowiritsira madzi, ndipo iye anatsegula chitseko kuti anansi aziwiritsamo zofunda za odwala, akuthiramo mankhwala a klorini. Panapita zaka khumi kuti khonsolo itengere nzeruyo. Mu 1842 inatsegula nyumba yosambiramo ndi kuchapiramo anthu wamba mu Upper Frederick Street, yoyamba ya mtundu wake ku Britain, ndipo mu 1846 mayiyo anapatsidwa udindo woiyang'anira.

Munthu amene anakakamiza makhansala kuti ayang'ane pansi pa nyumba zawo za lendi anali Dr William Henry Duncan. Anabadwira ku Liverpool komweko mu 1805, m'banja la amalonda, n'kukaphunzira udokotala ku Edinburgh. Atabwerera, anagwira ntchito pa zipatala zaulere za amphawi, ndipo ntchitoyo inamulowetsa m'zipinda zomwe anzake a m'matchalitchi ndi m'maphwando ankangodutsa pamwamba pake. Mu 1843 analemba nkhani yofotokoza zomwe zinkachititsa kuti imfa zichuluke ku Liverpool, ndipo mfundo yake inali yosazungulira: m'dziko lonse la England munalibe tauni yodwalitsa anthu kuposa iyi, ndipo chifukwa chake chinali kamangidwe ka nyumba, kusowa kwa ngalande ndi kuthinana, osati tsoka. Amalonda ena anakwiya poona dzina la mzinda wawo likuipitsidwa. Koma typhus ndi kolera sizinkafunsa lendi ya munthu, ndipo mantha anathandiza pamene chisoni chinalephera.

Mu 1846 khonsolo inapempha Nyumba ya Malamulo ku London lamulo lakelake la ukhondo, ndipo linadutsa. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1847, tsiku lomwe Duncan anakhala mkulu wa zaumoyo wa khonsolo, woyamba m'dziko lonse la Britain. Poyamba inali ntchito ya maola ochepa ya mapaundi 300 pachaka. Chaka chotsatira anasiya odwala ake olipira n'kuigwira tsiku lonse pa mapaundi 750. Lamulolo linakhazikitsanso maudindo ena awiri. James Newlands wa ku Edinburgh anakhala injiniya wa mzinda. Thomas Fresh anakhala woyendera zonyansa, ndipo Fresh uyu anali wapolisi asanayambe ntchitoyi. Owerenga amene anaonapo mlangizi wa zaumoyo akusuzumira m'chimbudzi cha eni ake, kope lili m'manja, akudziwa nkhope imene anyamata a Fresh ankalandiridwa nayo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo kumbuyo kwawo kunali khoti ndi chindapusa.

Chatsopano chenicheni m'lamuloli chinali chimenechi: khonsolo inapatsidwa mphamvu yolowa pakhomo la munthu, kuyeza chipinda chake, kulamula mwini nyumba kuti akumbe ngalande, ndi kutseka malo amene yaona kuti sayenera kugonamo munthu. Duncan analibe chipatala choti ayendetse, ndipo antchito ake anali ochepa zedi. Chida chake chinali kuwerenga. Kalembera wa imfa anali atayamba mu 1837, choncho iye ankatolera mayina a omwalira, kuwaika msewu ndi msewu, n'kukawayala pamaso pa komiti ya zaumoyo. Khansala akanatha kutsutsa maganizo a dokotala, koma zinali zovuta kutsutsa mndandanda woonetsa kuti msewu wakuti, mmene iye mwini ali ndi nyumba za lendi, watulutsa maliro ochuluka kuposa misewu yoyandikana nayo.

Anayamba ntchito m'chaka choipitsitsa. Ku Ireland chiwawu chinali chitaononga mbatata ya kachewere, ndipo m'chaka cha 1847 chokha anthu pafupifupi 300,000 othawa njala anatsika sitima pa doko la Liverpool. Ambiri anapitirira ku America kapena ku mizinda ina, koma masauzande ambiri analibe ndalama yopitira patsogolo. Anathyola zitseko za zipinda zapansi zomwe zinali zitatsekedwa n'kudzazamo. Typhus, yomwe imafalitsidwa ndi nsabwe za m'zovala, inapeza pabwino. Anamanga zisakasa za odwala, anasandutsa mosungira katundu kukhala zipatala, mpaka anaika odwala ena m'sitima zoimikidwa pa mtsinje wa Mersey. Anafa anthu masauzande, pamodzi ndi ansembe khumi a Katolika amene ankayendera odwala, ndipo chikumbutso chawo chili pa tchalitchi cha St Patrick. Akuluakulu oyang'anira amphawi anayankha mwa njira yawo: anakweza sitima anthu pafupifupi 15,000 kuwabweza ku njala yomwe anathawa.

Pamenepa mbiri ya Duncan ili ndi banga, ndipo siliyenera kupakidwa laimu. Mofanana ndi anthu ambiri a msinkhu wake, ankalemba za anthu a ku Ireland ngati kuti uve unali m'magazi mwawo. Ntchito yotseka zipinda zapansi, imene iye ankailimbikitsa, inatulutsa anthu masauzande popanda kuwapatsa kolowera. Ena ankabwereramo usiku, ena ankakathinana m'zipinda za abale, kumene matenda ankayenda msanga kuposa kale. Khonsolo inaphunzira kutseka nyumba zaka makumi awiri isanaphunzire kumanga. St Martin's Cottages, nyumba zoyamba zomangidwa ndi khonsolo ku England, zinatsegulidwa mu 1869, Duncan atamwalira kale mu 1863.

Chodabwitsa china n'chakuti pa za gwero la matenda iye analakwitsa. Ankakhulupirira kuti kolera ndi typhus zimabwera ndi mpweya wonunkha wochokera m'zinthu zowola. Kolera atabweranso mu 1849, anatumiza madokotala khomo ndi khomo kukafufuza otsegula m'mimba, analamula kuti nyumba masauzande zipakidwe laimu, mabwalo atsukidwe. Anthu oposa 5,000 anafabe. John Snow wa ku London anali atayamba kale kunena kuti vuto ndi madzi akumwa, ndipo mu 1854 anasonyeza zimenezi pa mjigo wa mu Broad Street, koma madokotala ambiri sanamumvere mpaka Robert Koch ataona kachilomboko m'zaka za m'ma 1880. Mwayi wa Liverpool unali wakuti munthu wothamangitsa fungo amachotsa zomwezo zimene wothamangitsa kachilombo akanachotsa. Newlands anayeza mzinda wonse, n'kukonza ngalande zapansi zolumikizana, zooneka ngati dzira kuti ngakhale madzi ochepa azikokolola nyansi. M'zaka 11 zoyambirira anakumba mamailosi 86. Khonsolo inagula makampani awiri amene ankagulitsa madzi kwa maola ochepa pa masiku osankhika, ndipo mu 1857 madzi a m'madamu a ku Rivington anafika m'mapaipi a mzindawo. Mliri wa kolera wa 1854 unapha anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi wa 1849.

Fresh naye anasiya dzina pa mapu. Anakonza zoti manyowa ndi nyansi za mumzinda zizinyamulidwa pa sitima ya pamtunda kupita ku minda ya mchenga kufupi ndi Formby, ndipo siteshoni ya kumeneko, pamodzi ndi dera lake, mpaka lero imatchedwa Freshfield. Lero ndi kumalo kwa anthu opeza bwino.

Ukhondo wa mzinda unali ndi ena oulipira. Ngalande za Newlands zinkakhuthulira zonse mu Mersey, ndipo mtsinjewo unakhala umodzi mwa mitsinje yoipitsidwa kwambiri ku Ulaya mpaka ntchito youyeretsa itayamba m'zaka za m'ma 1980. Madzi a ku Rivington atachepa, khonsolo inakamanga damu la Vyrnwy ku Wales m'zaka za m'ma 1880, ndipo mudzi wa Llanwddyn unamira.

Zomwe Liverpool inayamba zinafalikira. London inasankha John Simon pa udindo wonga wa Duncan mu 1848, ndipo lamulo la mu 1872 linakakamiza madera onse kukhala ndi mkulu wa zaumoyo. Pa nthawi ya Dr Edward Hope, amene anagwira udindowu ku Liverpool kuyambira 1894 mpaka 1924, khonsolo inalemba amayi oyendera mabanja ndipo inatsegula malo ogawira mkaka woyera wa makanda. Lamulo la mu 1929 linaika m'manja mwa makhonsolo zipatala zomwe kale zinali za amphawi. Komiti ya chitetezo nayo inali ndi mano. Mu Ogasiti 1919 apolisi oposa 900 a mumzindawo atanyanyala ntchito, masitolo anathyoledwa, boma linatumiza asilikali ndi sitima yankhondo ya HMS Valiant pa Mersey, ndipo komitiyo inachotsa ntchito onse onyanyala. Palibe amene anabwezeretsedwa.

Kenako mphamvuzo zinayamba kuchoka, imodzi imodzi. Mu 1948 zipatala zinapita ku NHS, bungwe la boma loona zaumoyo m'dziko lonse. Mu 1974 udindo umene Duncan anayamba unathetsedwa, ndipo chaka chomwecho apolisi a mzindawo analowa m'gulu lalikulu la Merseyside Police. Kuchepa kwa mphamvu za makhansala kunaonekera poyera pa zipolowe za ku Toxteth, dera la mumzindawo, mu 1981, pamene apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, koyamba ku Britain kunja kwa Northern Ireland. Khansala Margaret Simey, yemwe ankatsogolera komiti yoyang'anira apolisi, anafuna kuti mkulu wa apolisi Kenneth Oxford afotokoze zomwe anyamata ake ankachita kwa achinyamata akuda a m'deralo. Anakangana kwa zaka, ndipo Oxford anaumirira kuti kayendetsedwe ka ntchito ya apolisi ndi nkhani yake yekha.

Zimene makhonsolo anabwezeredwa pambuyo pake ndi mphamvu ya mtundu wina, yofunsa osati yolamula. Lamulo la mu 1998 linawakakamiza kukhala pansi ndi apolisi pokonza mapulani ochepetsa umbanda. La mu 2001 linawalola kuitana akuluakulu a zipatala kuti adzayankhe mafunso pamaso pa komiti ya makhansala, makamaka akafuna kutseka kapena kusamutsa chithandizo. Mu 2012 kuyang'anira apolisi kunapita kwa komishonala wovoteredwa payekha, koma mu Epulo 2013 ntchito yoteteza anthu ku matenda inabwerera ku makhonsolo, patatha zaka 39. Ndiye chifukwa chake mu Novembala 2020, boma litafuna kuyesa koyamba kuyeza Covid-19 anthu a mzinda wathunthu, odwala ndi osadwala omwe, linagwira ntchito ndi mkulu wa zaumoyo wa khonsolo ya Liverpool, Matt Ashton. Linatumiza asilikali pafupifupi 2,000 kudzathandiza, ndipo amodzi mwa malo oyezera anali bwalo la mpira la Anfield.